Injini ya Ada M'chigayo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, pamene pikapu ya bambo anga inakhala pa miyala kuseri kwa nyumba yathu ku Kande. Ife ana tinkawaitana kuti Ada, monga amachitira ana onse a kunyanja kuno, ngakhale iwo anali Mngoni wa ku Ntcheu. Anabwera kumpoto ali mnyamata kudzayendetsa galimoto pa esiteti ya labala, n'kukwatira mayi anga, NyaLongwe, ndipo abale a Ama anawapatsa malo omangapo nyumba. Chitonga ankachimva chonse, koma akangoti ayankhule, anthu ankagwira nthiti. Ndiye m'nyumba mwathu iwo ankayankhula Chichewa, Ama n'kumayankha m'Chitonga, ndipo ankamvana bwinobwino kupatula pa nkhani ya galimotoyo.

Pikapuyo anaigula pa esiteti pomwepo popuma ntchito. Ndi yomwe ankayendetsa zaka zonse zija, ndipo mabwana ataifuna kuitaya, iwo sanalole kuti ipite kwa munthu wina. Inali yopangidwa ku Ulaya, ndipo mbiri ya kampani imene inaipanga Ada ankaidziwa kuposa mbiri ya agogo awo. Anaimva kwa makaniko wina wokalamba wa pa esiteti, n'kuisunga ngati katekisimu.

"Ukuona, Nangozo," ankatero pondiitana ndi mfunda wa kwawo, "anthu amenewa sanangodzuka n'kupanga galimoto ayi. Linali banja limodzi, losula macheka. Atachoka pa macheka anapita pa njinga. Anakhala pa njinga mpaka dzanja litakhwima, kenako ndiye galimoto. N'chifukwa chake chitsulo chawo sichinama."

Abale, nkhani imeneyi tinaimva mpaka makutu kuwawa! Tsiku lina m'banjamo munkakhala abale awiri, tsiku lina anayi, koma macheka ndi njinga sizinkasintha. Achimwene anga awiri ankangomva mawu oti "ukuona" n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito kunyanja. Ine ndinkatsala, poti wotsala ankaloledwa kukhala pa chiwongolero.

Ada ankati kale misewu yonse ya kumpoto inali ya mapikapu a mtundu umenewu. Koma titangolowa m'matipate, amalonda anayamba kubweretsa galimoto zogwirapo kale ntchito za ku Japan kudzera ku Tanzania. Aliyense wopata kangachepe anathamangira kumeneko. Eni masitolo a zipangizo ku Mzuzu nawo anatsata komwe kunali ogula, ndipo tinamva kuti kampani ya ku Ulaya ija inasiya kupanga mtundu wa pikapu yathu. Ada galimoto zatsopanozo ankazitcha zitini. Anyamata a pamsewu nawo yathuyo anaipatsa dzina loti Agogo.

Komabe Agogowo ndi amene anawasandutsa Ada munthu pamudzi wa eni. Mayi akafuna kuchira, wodwala akatsala madzi amodzi, maliro akafuna kutengedwa kuchipatala, anthu ankagogoda kwa a Ngozo. Masiku ena onse ankanyamula usipa wouma kupita nawo ku Mzuzu. Pamaliro ankawaikira mpando pakati pa akuluakulu, ndipo palibe ankakumbukira kuti ndi obwera.

Kenako giyabokosi inasweka pa chitunda china popita ku Mzuzu. Anaikoka pikapuyo mpaka kunyumba, n'kuichotsa matayala kuti asawonongeke, n'kuikhazika pa miyala. Ada anazungulira kulikonse kumene kunali mitembo ya galimoto, kufunafuna giyabokosi ina. Ku Mzuzu anawaseka. Ku Mpamba munthu wina anati akudziwa mnzake wa ku Rumphi amene ali nayo, awafunsira. Ndiye tinayamba kudikira munthu wa ku Rumphi.

Injini yokha inali yamoyo, ndipo Loweruka lililonse m'mawa Ada ankaidzutsa kuti isaiwale ntchito. Inkayamba ndi kutsokomola, utsi wakuda uli tolotolo, kenako n'kukhazikika ndi mawu olemera amene unkawamva m'mimba. Iwo ankaima pambali pa boneti, mutu atapendeketsa, n'kumandiuza kuti ndimvetsere. Injini yosangalala imamveka motere, yanjala motere, yotopa motere. Ine sindinkamva kusiyana kwake koma ndinkagwedeza mutu.

Ama Loweruka ankapsa mtima. "A Ngozo, galimoto yosayenda ikumwa dizilo, ana akudya chinangwa chopanda ndiwo."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, NyaLongwe."

"Nkhonoyo ikatulutsa maso tidzaiphika?"

Nyengo ya mvula isanathe, Ada anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Kuchipatala chachikulu kuboma anati ndi chifuwa chachikulu, ndipo masiku amenewo wodwala matendawa ankamugoneka miyezi akubayidwa jakisoni. Ama anagawanika pakati. Uku mwamuna kuchipatala, uku ife ana anayi, wotsiriza ali kumsana. Munda unamera udzu. Tinkapita kusukulu m'mimba muli madzi okha, ndipo mchimwene wanga wamkulu anayamba kujomba n'kumakakoka nawo makoka kuti apeze ya ndiwo.

Apa ndi pamene analowera asibweni a Yotamu, mlongo wawo wamkulu wa Ama. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Iwo ndi amene ankatibweretsera nsomba masiku amenewo. Koma anali munthu wa phuma, woti chimene waganiza m'mawa chichitike dzuwa lisanapendeke. Anali atapeza chigayo chopanda injini kwa mnzawo wina, ndipo kwathu chigayo chinali kutali, amayi ankasenza chimanga ndi makaka mpaka pa Chintheche. Ankati akadutsa kuseri kwathu ankaima n'kumayang'ana boneti ya Agogo nthawi yaitali.

Tsiku lina Ama atabwerako kuchipatala, abale awo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Anakambirana m'Chitonga, ine ndikutsuka mbale chapafupi. Asibweni anati injini yabwino ikugona, ana akugona ndi njala, nanga nzeru zili pati? Giyabokosi ya ku Rumphi palibe anaionapo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. Wina anafunsa ngati mwiniwake wauzidwa. Ama anati munthu wodwala sauzidwa zomupweteka mtima, akamva matenda akula. Onse anavomereza, ndipo ndinaona kuti apepukidwa.

Ine pakamwa panga sipankatsekeka chibadwire. Ndinafunsa kuti, "Nanga Ada akadzabwera?" Anandiuza kuti ndimalize mbalezo.

Mmene anaichotsera injiniyo ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Bokosi la masipanala Ada analikhoma, kiyi n'kupita nayo kuchipatala. Asibweni anabwera ndi mnyamata wowotcherera zitsulo wa pamsika ndi asodzi awiri amphamvu. Mabawuti anali atagwira dzimbiri, ndipo masipanala a mnyamatayo sankakwana bwino. Anayesa pang'ono, asibweni n'kuti nthawi ikutha. Ndiye anayatsa moto wake uja n'kudula zitsulo zimene injini inakhalapo. Mawaya anawadula ndi chikwanje ngati akusadza tchire. Rediyeta anaiboola poikoka, n'kuti zilibe kanthu, kuchigayo aikako mgolo wa madzi. Anamanga chingwe cha boti ku nthambi ya mango, n'kuikweza akuimba nyimbo yokokera makoka. Bwalo lonse linanunkha penti wopsa. Ine ndinalowa m'nyumba n'kukalira, osadziwa bwinobwino chimene ndikulirira.

Chigayo chinagwira ntchito, ndipo ndisabise, tinadya. Anachimanga kumunsi kwa mudzi, pafupi ndi kwa asibweni. Amayi ankafola kuyambira m'mawa, ena ochokera mpaka ku Tukombo. Mchimwene wanga anabwerera kusukulu. Ama ankatha kupita kuchipatala ndi mazira ndi mkaka, Ada n'kumadya osadziwa kumene zikuchokera. Ine ndemwe ndinkanyadira anzanga akamati chigayo cha kwa a Ngozo.

Ada anatulutsidwa tsiku lina masana. Ama anali atatsogola kubwera kunyumba, ndipo ananditumiza kumsewu kuti ndikawalandire chikwama. "Usanene kanthu, ndikawauza ndine," anatero. Sanandiyang'ane kumaso.

Anatsika m'minibasi ali owonda, jekete likulendewera ngati lobwereka. Koma anali osangalala. Anandigwira mutu, n'kuti ndatalika. Tinayamba kutsetsereka ndi kanjira ka m'minda ya chinangwa, iwo akuyenda pang'onopang'ono ndi kupumira. Anandifunsa za sukulu, za mwana, za mbuzi. Ndinkadziwa funso limene likubwera. Asanalifunse, mphepo ya kunyanja inatibweretsera mawu a injini aja.

Anaima. Anapendeketsa mutu, nkhope yonse n'kuwala. "Aaa! Ndani wadzutsa galimoto, Nangozo? Achimwene ako?"

Anamvetseranso, ndipo kuwala kuja ndinakuona kukuzima.

"Ikukoka katundu imeneyi," anatero motsitsa mawu. "Ndipo sikumvekera kunyumba."

Sanandifunsenso kanthu. Titafika sanalowe m'nyumba, anazungulira kuseri. Anatukula boneti. Munali chibowo chokha, pansi pakuoneka udzu ndi nkhuku itafungatira. Anapisa dzanja n'kumasisita pamene panadulidwa ndi moto paja, kenako anatola nsonga za mawaya n'kumaziyang'ana imodziimodzi.

Ama anabwera akuchokera kuchigayo, nsidze zili mbuu ndi ufa. Anagwada chapatali. Tsiku limenelo anayankhula m'Chichewa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Takulandirani, a Ngozo."

"Mukanandifunsa, NyaLongwe."

"Mukanakana."

"Eee, ndikanakana," anatero Ada, osakweza mawu. "Ndikanakana sabata, mwina ziwiri. Ndikanakukalipiraninso. Kenako ndikanakupatsani kiyi ya bokosi, n'kukuuzani bawuti yoyamba kumasula. Kodi anawa si anga? Mumayesa ndikanawasiya afe ndi njala chifukwa cha chitsulo? Ikanatuluka bwinobwino, tsiku lina n'kudzabwerera. Apa sidzabwereranso."

Ama analira. Asibweni atamva anabwera akuthamanga, n'kuyamba kufotokoza kuti zonse anachitira ana a alamu awo omwe. Ada anamvetsera mpaka kumapeto. Anawathokoza m'Chitonga, "Yewo, alamu," n'kutseka boneti, n'kukagona.

Sipanakhale mkangano, ndipo mwina ukanakhalapo zikanakhala bwino. Ufa wa m'chigayomo ankadya monga tonse. Koma phazi lawo silinapondeko kuchigayoko mpaka kufa kwawo. Ankakhala pakhonde, injini ikulira kumunsi tsiku lonse, iwo akumva zonse. Nthawi zina ankandiitana. "Kawauze asibweni ako lamba wathina." Tsiku lina, "Kawauze madzi atha mumgolo." Ndikapita ndinkapezadi zili choncho. Nkhani ya macheka ndi njinga sanainenenso. Ndinayesapo kuiputa dala, anangoti, "Zakale zimenezo, mayi."

Patapita miyezi, munthu wa ku Mpamba uja anatulukira pa njinga, thukuta lili kamukamu, kudzanena kuti giyabokosi yapezeka ku Rumphi, akangoitenga. Ada anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumuthokoza kwambiri. Kenako anamuuza kuti mnzakeyo agulitse kwina. Ama anali kukhitchini, anamva zonse, ndipo sanatuluke mpaka mlendoyo atapita.

Ada anamwalira ine ndili Fomu 3. Injini ija inagayabe zaka zina zingapo iwo atapita, ndipo ndi imene inatiphunzitsa sukulu tonse anayi. N'chifukwa chake sindinathe kuwada asibweni kapena Ama. Pa nkhani ya njala iwo ndi amene ankalondola. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti Ada chinawapweteka ndi galimoto, ndipo mumtima ndinkawanena kuti anakonda chitsulo mopitirira. Ndakula tsopano, ndaona odwala ambiri, ndipo ndazindikira kuti sizinali choncho. Munthu akagona pamphasa timafulumira kumuganizira, n'kumati tikumusungira mtima. Timamulanda mawu akadali moyo. Ada akanapereka okha injini ija, akanakhala bambo amene anadyetsa ana ake ali pabedi la kuchipatala. Ife tinawasandutsa mlendo amene anthu amakambirana za katundu wake iye kulibe. Ulendo wa kuboma sunali wautali, abale, ndipo Ama ankapitako sabata iliyonse.

Ama ndi okalamba tsopano, maso sakuona bwino, ndipo agwapo kawiri popita kuchitsime. Mwezi watha achimwene anga anandiimbira foni kuti tiwatenge akakhale kwa ine ku Mzuzu. Anati tisawauze, tingoti tikupita nawo kuchipatala, akafika azolowera okha, poti tikawafunsa akana. Ndinakwera minibasi m'mawa mwake mpaka ku Kande, n'kukhala nawo pamkeka, n'kuwafunsa.

Anakana. Ananditukwananso pang'ono, n'kuti ndibwerere ku Mzuzu. Ndabwerako ndekha, ndawasiya akane kaye.