Mildred Asankha Loya Ali pa Benchi Yakumbuyo

Maloya onse a mu Blantyre muno ndinawaphunzitsa ndine kumanga tayi. Chabwino, ndanama, ngakhale yangayi amandimangira ndi mayi akunyumba. Koma za Mildred, mwana wa achemwali anga wa ku Manja, ndi zoona.

Mildred sagula chinthu asanachiyese. Nsapato amaipinda mpaka wogulitsa kuyamba kupemphera. Wagwira ntchito zaka zambiri mu holoselo ina ku Limbe, koma atabwerako kochira mwana anapeza pampando pake pali wina. Abwana akuti, "Iwe unali waganyu chabe." Iye ankafuna ntchito yake ibwerere.

Akwaya anamulozera loya uyu, apongozi uyo. Iye toto. Anabereka mwana kumbuyo, ulendo kukhoti la milandu ya ntchito, kukakhala benchi yakumbuyo n'kumaonerera maloya ngati mpira. Wina Chingerezi chake chinali chotalika kuchoka ku Limbe mpaka ku Nancholi, koma dzina la munthu amene ankamuimira analiiwala. Kenaka kunabwera mayi wamfupi, a Salome. Woweruza akayankhula, iwo ankatembenuka n'kumulongosolera m'Chichewa mlonda yemwe ankamuimira.

Mildred anawathamangira panja, mwana akugwedezeka kumbuyo.

"Amayi, ndakusankhani!"

"Mwandisankha? Kodi kuli mavoti?"

Anamumvetsera ataimirira pomwepo, kenaka anati akawapeze ku ofesi.

Loweruka Mildred anatulukira kwathu ku Nancholi akuvina kuyambira pageti.

"Malume, avomera! Akuti mlandu ulipo. Chatsala ndi mboni, anthu amene ankandiona ndikugwira ntchito tsiku ndi tsiku."

"Mboni ndi ineyo," ndinatero ndikudzigunda pachifuwa. "Si ine ndinkabwera kushopu kwanu mpaka alonda kumandichitira sawatcha? Abwana ako akandiona ankabisala kuseri kwa katundu."

"Katundu wanji, malume?"

"Aa, nsalu zija. Zitenje mulu mpaka kudenga."

Mildred anakonza mwana kumbuyo, akundiyang'ana ngati tomato woola.

"Timagulitsa utoto ndi misomali. A Salome anena kuti mboni yonama imagwetsa mlandu. Ndapempha kale amayi ogulitsa nthochi pakhonde paja, avomera. Inu tsiku la mlandu mudzangondigwirira mwana."