Nandolo wa Bambo Mbwana

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Makolo anga anabwerera ku Mandimba kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, choncho ndinakula ndikulankhula Chinyanja kunyumba, Chiyao kumsika ndi Chipwitikizi kusukulu. Tsiku lina Bambo Saide, amene anali ndi nyumba yogulira mbewu m'mphepete mwa msewu wa ku Cuamba, anandimva ndikunenerera nsomba m'zilankhulo zonse zitatu. Anaseka n'kunena kuti, "Iwe Asiyatu, ubwere mawa. Ndikufuna munthu woti azilankhula ndi alimi."

Bambo Saide sanali wolemera kwenikweni, koma malo awo ankadyetsa makomo ambiri. Amayi asanu ndi atatu ankapeta ndi kusankha mbewu pa lona, amuna anayi ankasoka ndi kunyamula matumba, akabaza ankapeza katundu wonyamula, ndipo pachipata panali amayi ogulitsa thobwa ndi zitumbuwa. Mjigo wa m'dera lathu ukawonongeka ankakonzetsa ndi iwo. Tonse tinkawatchula kuti patarawu, kutanthauza bwana.

Mvula ikayandikira ndinkakwera njinga yamoto kupita m'midzi ya ku Ngauma kukagawa mbewu ya nandolo. Mawu anga anali amodzimodzi paliponse: "Dzalani, patarawu adzagula yense." Nthawi yokolola ndinkaima pa balansa, sikelo yathu yaikulu yachitsulo. Thumba likafika ndinkalibaya ndi chitsulo chotapira mbewu, pansi, pakati ndi pamwamba, chifukwa ena ankabisa wowola pakati. Kenako ndinkaluma njere imodzi. Ikasweka ndi phokoso, nandolo wauma. Ikangophwanyika mwakachetechete, mwiniwake akayanike kaye. Tikayeza tinkasoka thumba ndi singano yaikulu, n'kulisanja pa matabwa kuti lisakoke chinyezi cha simenti.

Chaka choyamba zinayenda bwino. Malole ankabwera kudzanyamula matumba kupita nawo ku Cuamba, komwe kunali wogula wamkulu wotumiza kunja. Alimi anagula malata, ena njinga. Chaka chachiwiri sindinavutikenso kuwanyengerera, ankachita kundiitana okha.

Mmodzi mwa iwo anali Bambo Mbwana, mkulu wina amene ankalera adzukulu atatu. Anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona. Ndinawalumbirira. Iwo anadzala nandolo munda wonse, chimanga anangosiyira kachigawo kakuseri kwa nyumba.

Tsiku loipalo linali Lachiwiri, mwezi wa Seputembala. Nyumba inali itadzaza kale mpaka kudenga, ndipo panali patatha milungu iwiri lole osabwera. Panja njinga zinali zitandanda mpaka kumsewu, iliyonse ndi matumba awiri kapena atatu. Cha m'ma teni koloko patarawu anatuluka m'kachipinda kawo foni ili m'manja, nkhope itagwa.

"Tseka balansa," anatero chapansipansi. "A ku Cuamba akuti kunja sakufunanso nandolo. Ngakhale amene ali m'katiyu satenga."

"Mpaka liti, patarawu?"

"Sananene."

Iwo anaima pakhomo n'kuwauza anthu m'Chipwitikizi, koma ambiri sanamve. Maso onse anatembenukira kwa ine, chifukwa womasulira ndinali ine. Ndinanena m'Chinyanja, ndinanenanso m'Chiyao. Mawu ankatuluka ngati a munthu wina. Anthu anayamba kukuwa, ena kutukwana, mayi wina anangokhala pansi pa thumba lake n'kufunda chitenje kumutu.

Bambo Mbwana sanakuwe. Anakankha njinga yawo mpaka pamene ndinaima. Anali atanyamuka kwawo mbandakucha, ndipo fumbi linali litawayeretsa mpaka m'maondo.

"Mwana wanga, si iwe unabwera kwathu kuja?"

"Ndine, bambo."

"Luma, uone. Wauma bwinobwino."

Anatapa nandolo m'thumba n'kunditambasulira dzanja. Ndinatenga njere, ndinaluma, inasweka. Anali nandolo wabwino kuposa yense amene ndinayeza chaka chimenecho.

"Nanga ana aja ndikawauze chiyani?"

Ndinalowa m'kati kukagwada kwa patarawu kuti agule matumba atatu a Bambo Mbwana okhawo. Anandiyang'ana misozi ili m'maso. "Ndikagula a iwowa, enawo ndiwauza chiyani? Ndalama zonse zili m'matumba ukuwaonawa." Sankanama. Ndinkadziwa kuti galimoto yawo anali ataigulitsa kale kuti apitirize kugula.

Chimene anakwanitsa chinali kulola alimi akutali kusiya matumba pakhonde, tinawafunditsa malona. Bambo Mbwana anakana. Anamanganso matumba awo panjinga, anandilawira mwaulemu, n'kuyamba ulendo wobwerera dzuwa lili paliwombo. Ndinawayang'ana mpaka anakhota. Ndikanakonda akananditukwana.

Lole silinabwere. Pofika Novembala anankafumbwe analowa m'matumba, ndipo ukaima chete m'nyumbamo unkamva akutafuna. Amayi opeta aja anauzidwa kuti akapume, amuna osoka anabalalika, ogulitsa thobwa anasamukira pokwerera mashapa, maminibasi a kuno. Mjigo unawonongeka n'kukhala choncho miyezi inayi. Ine ndinachoka womaliza. Patarawu anandipatsa thumba limodzi la nandolo yemweyo, ndipo tinamudya kunyumba mpaka kutopa naye.

Mwezi wa Febuluwale ndinamva kuti Bambo Mbwana akuchita ganyu m'minda ya anthu kuti apeze ufa, munthu wamkulu ngati uja. Ndinanyamula ndowa ya chimanga kuti ndikawapatse. Ndinafika pamphambano yolowera kwawo, ndinaima nthawi yaitali, kenako ndinapatsa mayi wina wa m'mudzimo kuti akapereke. Ndinalephera kuonana ndi Bambo Mbwana maso ndi maso.

Pano ndimagwira ntchito kwa wogula mbewu wina ku Cuamba, ndipo ndimapitabe m'midzi. Ndinaphunzira kuti bizinesi ikakhala mzati wa mudzi, ikagwa sigwa yokha, ndipo amene imamupsinja kwambiri ndi uja anakhulupirira. Mawu oti "tidzagula yense" sindiwanenanso, ngakhale abwana atandituma. Ndimauza alimi kuti, "Yambani mwadzala chakudya cha ana. Malo akatsala, dzalani chathuchi." Ena amandiona ngati sindidziwa malonda. Ndimangowasiya aganize choncho.