Tsiku Limene Galimoto ya Achimwene Inakamwa Mowa

Achimwene anga ndi dalaivala wa bungwe logawa mabuku m'masukulu, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa mukafunsa ku ofesi kwawo akuuzani kuti munthuyo anali chidakwa chotheratu. Bodza lenileni! Chidakwa ndi amuna anga, ndipo amene ndimawavula nsapato ndine.

Vuto la achimwene ndi lina: satha kukana. M'mawa uliwonse ankayenera kutenga makalata ku positi, kudzera kosungira katundu, kutula mabuku m'masukulu, n'kubwerera. Koma pakati pa ulendowo pankalowa simenti ya apongozi, bedi la azakhali osamuka, mbuzi ya aneba, mayi wodwala wa kutchalitchi. Bwana akaimba foni, yankho linali limodzi: "Ndili m'njira, bwana." Sankanama ayi. Kungoti bwana sankafunsa kuti njira yake iti.

Kenako kunabwera bwana watsopano, mayi wa magalasi, wokonda zinthu zolongosoka. Anati bungwe silingayende ndi nkhani za pakamwa, chilichonse chizioneka pa kompyuta. Pansi pa mpando wa galimoto anamangitsapo kabokosi, ndipo mu ofesi mwawo anapachika sikirini yaikulu yoonetsa mapu. Galimoto ikayenda, kadontho kofiira kankayendanso pamapupo. Ikaima, nako kankaima. Lamulo linali lomveka: wopatuka panjira alandira kalata yochenjeza, koma wogwira kabokosiko ntchito yatha tsiku lomwelo.

Achimwene anayesetsa kupirira. Abale anayamba kuwanena kuti ayamba matama, apongozi n'kusiya kuyankha moni. Ndiye tsiku lina anatulukira kwathu kabokosi kaja kali m'thumba la jekete, mnzawo makaniko atakamasula.

"Alamu," anatero kwa amuna anga, "njinga muli nayo, ntchito mulibe. Kanthu aka kali ndi batire yakeyake. Inu muzingoyenda nako m'njira yanga, masana tizikumana pakona ya kuseri kwa ofesi, muzindibwezera. Ndizikuonani."

Ine ndinati, "Achimwene, anthu atha padziko? Mpaka awa?"

Anati nkhani za amuna ndizisiye. Chabwino, ndinazisiya.

Poyamba zinayenda bwino moti ngakhale ine ndinachita manyazi. Kadontho kankachoka pa ofesi, n'kuima pa positi, n'kupitirira pang'onopang'ono mwaulemu wake, uku achimwene ali kutsidya lina la tauni kusenzetsa malata a msuweni. Mwezi utatha, kompyuta inatulutsa lipoti loti pa madalaivala onse, wosathamanga, wosapatuka, wosamala galimoto anali achimwene. Bwana anawaimiritsa pamsonkhano, anzawo n'kuwaombera m'manja mokwiya, ndipo anapatsidwa satifiketi ya m'galasi. Amuna anga, miyendo itatupa ndi kupalasa, ankati satifiketiyo ndi yawo, ikapachikidwe kwathu.

Lachisanu lina kunatentha koopsa. Achimwene anamaliza maulendo awo, n'kukadikira pakona paja. Alamu awo osaoneka. Foni osayankha. Atatopa, analowetsa galimoto kumpanda, n'kuiimika pamalo ake a masiku onse, pansi penipeni pa windo la bwana. Sankadziwa kuti amuna anga akumana ndi mnzawo wolandira malipiro, ndipo njinga yatsamira khoma la bala kuyambira m'mawa.

Asanapukute n'thukuta lomwe, anaitanidwa.

Tebulo la bwana linayang'ana ku sikirini, windo lili kumbuyo kwawo. Analoza kadontho ndi cholembera.

"Bambo, galimoto ya bungwe ili kuti?"

Achimwene anayang'ana pamapu: kadontho kali phee pakhomo pa bala. Anayang'ana pamwamba pa phewa la bwana: galimoto ili apo, ikunyezimira padzuwa. Akanangoti "tacheukani, bwana," mlandu wa bala ukanathera pomwepo. Koma funso lotsatira likanakhala loti, nanga kabokosi kafika bwanji ku bala popanda galimoto? Ana ali pasukulu, nyumba ndi ya lendi. Munthu wa Mulungu uja anayamba kupemphera chamumtima kuti khosi la bwana liume.

"Ndikufunsa. Mwaisiya kumeneko, mwabwera wapansi kuti tisadziwe?"

"Ndinamva ludzu, bwana," anatero achimwene, akuyang'ana nsapato.

Bwana anavula magalasi, n'kupumira m'mwamba. Anati akhumudwa kwambiri, komabe ayamikira kuti sanayendetse galimoto ataledzera. Anawauza kuti apite akagone, akaitenge mawa mutu utayera. Atatuluka, achimwene anachonderera mlonda, awiriwo n'kuikankha galimotoyo mwakachetechete osailiza, mpaka kuseri kwa nyumba ya jenereta.

Ntchito inapulumuka. Koma kalata yochenjeza inalowa m'kompyuta, ndipo chimene chalowa mmenemo sichituluka. Bungwe linawalembetsa kwa mlangizi wothandiza anthu kusiya mowa. Amapita ndithu, amakhala pabwalo la mipando pamodzi ndi zidakwa zenizeni, ndipo mlangizi amawatchula ngati chitsanzo, eti sanaonepo munthu wosiya msanga chonchi. Mayi wa ku akaunti ku ofesiko amaimba kwaya kutchalitchi kwa achimwene, ndiye Lamulungu lisanafike nkhani inali itafika kale. Makiyi a tchalitchi, amene anawasunga kuyambira ali mnyamata, anawalanda mwaulemu.

Kabokosi kaja achimwene anadzakatenga okha kwathu m'mawa mwake, Loweruka. Anapeza alamu awo ali gada pampando, akuliza mkonono, kabokosiko kali m'thumba la malaya. Ndinkafuna kunena kuti ndinanena ine, koma nditaona nkhope yawo ndinangowathirira madzi akumwa. Zinandimvetsa chisoni, ngakhale kuti kukhitchini ndinaseka mpaka misozi.

Chimene chimawapweteka kwambiri ndi kunyumba. Madzulo alionse akafika, akazi awo amawaimitsa pakhomo, ana akuona, n'kuti, "Tapumirani kuno." Atatopa nazo, achimwene anawakhazika pansi n'kuulula zonse, za makaniko, za njinga, za windo. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu. Kenako anati, "Bambo a ana, kumwako ndakukhululukirani. Koma kunamizira alamu anu, munthu wosauka wa njinga, chimenecho ndiye mukalape."