Mdzukulu amene sindinamubereke kumbuyo

Mwana wanga atakwatira, mpongozi wanga anandilanda musi. Anandilanda mwaulemu, atagwada, koma kulanda ndi kulanda basi.

"Bamayo, manje nilipo ine," anatero. "Anthu azakamba chani akakuonani musinja?"

Ndisaname, ndinakondwa. Kwathu ku Mpanshya, mayi amene mpongozi wake amamusinjira ndi kumutungira madzi anzake amamusirira. Atatenga musi anatenganso khasu, kenako chigubu cha madzi, mpaka tsache. Ntchito yanga inatsala yosuntha mpando kulondola mthunzi wa mango. Kudya nako ndinkangodya zofewa, tiyi ndi mabanzi a kumsewu. Nkhuku ikaphedwa ndinkasiyira abambo ndi alendo monga tinaleredwera, ine n'kumangonyambita msuzi.

Sindinadwale ayi. Mikono inangoyamba kuonda, khungu n'kumalendewera ngati diresi lobwereka. Podzuka ndinkayamba ndagwira chitseko. Aliyense ankati ndi ukalamba, inenso n'kumavomera.

Mdzukulu anachedwa kubwera, moti tinapemphera mpaka kutopa. Atabadwa, mtsikana, ndinkangodikira kuti khosi lake lilimbe, chifukwa kubanja kwathu woyamba kubereka mwana kumbuyo amakhala ambuya ake. Tsikulo litafika ndinawerama, mpongozi anandiika mwana pamsana, ndinamanga chitenje. Nditati ndiwongoke, miyendo inanjenjemera, ndipo ndinakhala pansi mwadzidzidzi. Mwana analira. Mayi ake anamumasula msanga, n'kumubereka okha. Ine amene ndinkasenza thumba la chimanga mpaka kuchigayo osatula! Manyazi anandigwira, ndipo mtima unandiwawa kwambiri.

Kukiliniki namwino anandifinya mkono, n'kupukusa mutu.

"Ambuya, kulibe matenda apa. Minofu yanu yatha chifukwa cha kunkhala chabe. Muzidya kayera, nshawa, mazira, kapenta. Muzinyamuka pampando osagwira kanthu, kambiri-kambiri. Musebenzeko pang'ono, mphamvu izabwera."

Kupeza nyemba, mtedza ndi mazira zimene ananenazo kunali kosavuta, vuto linali musi. Nditaupempha, mpongozi anachita kulira, akuti ndikufuna kumuchititsa manyazi pamudzi. Sindimuimba mlandu, mwana wa eni ake ankachita zimene anamulangiza. Ndiye ndinkasinjira kuseri kwa nyumba ngati wakuba, mtedza pang'ono, mapewa akuwotcha. Ndinkakhala pampando n'kudzuka, kukhala n'kudzuka, oyandikana nafe n'kumafunsana ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Mphamvu inabwereradi, koma mwaulesi, ndipo sinabwere yonse. Chimene chinachoka mosavuta ndili pamthunzi chinabwerera ndi thukuta. Mvula inagwa, tinakolola, inagwanso. Ndinayamba kutunga madzi theka la chigubu, kenako chodzaza. Nthawi yonseyi mwanayo ndinkangomufungata pamiyendo, chifukwa ndinkaopa kumugwetsa, ndipo mayi ake ankaopa kuposa ine.

Tsiku lina m'mawa ndinanyamula chigubu kuchokera kumjigo osapumira panjira, ndipo ndinadziwa kuti tsopano ndingathe. Ndinatenga chitenje changa chatsopano n'kutuluka. Mdzukulu wanga ndinamupeza akuthamangitsa mbuzi pabwalo, fumbi lili mbuu kumapazi.

"Bwera, mama, nikupape," ndinamuitana, nditawerama kale kuti ndimubereke.

Anaima, n'kundiyang'ana modabwa.

"Iyayi, ambuya. Ine ndine mukulu. Bapapa tubana."

Anathamangira mbuzi zake. Ine ndinatsala chiweramire pakati pa bwalo, msana uli wolimba bwinobwino, chitenje chili m'manja.