Nsabwe Zimene Ndinalibe

Dzulo mdzukulu wanga anandipatsa lezala kuti ndimumete, ine n'kukumbukira tsiku limene anandimeta ndili mwana.

Nthawi ya Chitaganya ija, bambo anga anabwerako ku Joni akukhosomola magazi. Tsiku lina m'mamawa azakhali ananditenga kupita kwawo ku Lirangwe. Pobwerera kwathu ku Chileka ndinapeza mphasa ya bambo palibe, pabwalo pali phulusa lokhalokha, amayi atameta mpala. Nanenso anandikhazika pansi, lezala likupala m'mutu mwanga popanda ndi sopo yemwe.

"Mukundimeteranji?" ndinafunsa.

"Nsabwe," anatero azakhali.

"Nanga abambo ali kuti?"

"Akwera ndege, abwerera kuntchito. Usatisokose."

Ndinakhulupirira. Ndege ikamatera ndinkasiya mtsuko pachitsime n'kuthamangira kumsewu kukawachingamira, mpaka tsitsi linameranso. Amene anandiuza zoona ndi mnzanga Esinati, titakangana pa phada.

"Iwe, bambo ako ali kumanda! Tonse tinadya nawo nyemba pamaliro!"

Amayi anati ankandimvera chisoni. Chisoni chanji? Mudzi wonse unawalira bambo anga mokwanira, koma ine mwana wawo anandisiya ndikubayibitsa ndege.