Mnyanga Wogona Pansi

"Mango awa asanabale ndidzakhala nditabwera, ndipo dziko lonseli ndidzalisiya m'manja mwako." Anatero Baltazar Mourão kwa mwana wake Inácia, tsiku limene ankakwera bwato kupita ku Goa, kutali ku India. Mtengowo unali utangofika m'chiuno.

Inu amene mwakhala manja lende kudikira wina adzakutuleni mtolo, tamvani.

Baltazar anali mmodzi mwa Apwitikizi oyamba kumanga nyumba ya miyala kumtunda kwa Sena, m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi. Anali kapitao. Ankaweruza milandu, ankalandira msonkho wa mapira, ndipo njovu ikaphedwa m'dera lake, mnyanga wogona pansi unkapita kwa iye, pakuti mnyanga wokhudza nthaka ndi wa mwini nthaka. Inácia anabadwa kwa mkazi wa komweko, amene anamwalira mwanayo akukwawa.

Mango anabala, anagwa, anabalanso. Inácia anakula maso ali kumtsinje.

Tsiku lina bwato lalikulu linakocheza padoko. Inácia anathamanga wopanda nsapato, mtima uli phaphapha. Koma munatuluka mayi wa ambulera, dzina lake Perpétua.

"Iwe, tanyamula bokosi ilo."

"Ine ndine mwana wa Kapitao," anatero Inácia.

Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Ana a Kapitao a mtundu wako adzaza mtsinje wonse uno. Wobadwa mu ukwati wa m'tchalitchi ndine ndekha. Dzikoli andipatsa ine."

Inácia anafunsa, "Ndiye kuti bambo amwalira?"

"Amwalire chifukwa chiyani? Ali gwa! Anenepa mpaka mpando ukuwachepera."

Dzuwa lisanalowe, Inácia anali kunja kwa mpanda, atanyamula mphasa ndi khasu la malemu mayi ake. Anawolokera pachilumba chamatope pakati pa Zambezi, malo amene aliyense ankawakana. Anthu ankamuseka kuti Dona wa achule.

Mbewu zake zoyamba madzi anakokolola. Zachiwiri mvuu zinadya. Iye analira, kenaka anapita kwa amayi okalamba a kutsidya kukafunsa ngati mwana. Anamuphunzitsa kudzala madzi akangophwa, matope akadali ofewa, ndi kukumba maenje otchinga mvuu. Manja amene ankadziwa singano yokha anachita zikang'a. Nkhokwe inadzaza, ina inamangidwa.

Kenaka mvula inakana, dzombe n'kumaliza zotsala. Perpétua anati msonkho ndi msonkho. Amene analibe mapira anawalanda ana, n'kuwatsitsa mtsinje m'magoli kupita ku Quelimane. Anthu anagwira pakamwa. Ngakhale Baltazar, wouma mtima uja, sanagulitsepo mwana wa mlimi wake.

Mabanja anayamba kuthawira kuchilumba. Aliyense wofika ankagwada, koma Inácia ankamudzutsa. "Muno mulibe dona, achimwene. Idyani, mukakhuta mugwire khasu."

Chilimwe chimenecho alenje anapha njovu yaikulu pafupi ndi nyumba ya miyala. Mkulu wawo anali Tambara, amene anatumikira nyumbayo kuyambira nthawi ya Baltazar. Perpétua anasesetsa khonde, anavala diresi la ku Goa, n'kukhala pampando kudikira mnyanga wake. Ng'oma zinayandikira. Alenje anafika pachipata, n'kupitirira osacheuka.

"Tambara! Waledzera kodi? Khomo ndi ili!"

Tambara anavula chipewa. "Pepani Dona, ife ndife mbuli, za mapepala sitidziwa. Tafunsa nthaka kuti mwini wako ndani. Yati ndi uja amandigwira ndi manja."

Anawoloka mtsinje mudzi wonse uli pambuyo pawo, n'kukagoneka mnyanga pamapazi a Inácia, matope ali mpaka m'mawondo. Khasu linamugwa m'manja.

"Bambo Tambara, mukufuna kundiphetsa? Akukwapulani nonsenu!"

"Atikwapule ndani, mayi? Okwapulawo si awa asenza mnyangawu?"

Kuyambira tsikulo milandu inkapita kuchilumba, mapira kuchilumba, ndipo palibe mwana wina anatsikanso mtsinje m'goli. Perpétua anatsala m'nyumba ya miyala akulamulira abuluzi, mpaka anakwera bwato lake n'kubwerera.

Ine wokuuzani nkhaniyi ndinachoka ku Sena tsitsi lili bii, ndabwerako ndi imvi. Kunja ndinawerenga mabuku a akapitao, masamba ndi masamba a mayina a amuna ndi mfuti zawo, osapezamo mkazi wa khasu ngakhale mmodzi. Pobwera ndapeza nyumba ya miyala ija mukugona mbuzi, mtengo wa mango uja anauwotcha makala. Koma pachilumba paja akudzalabe madzi akangophwa.

Choncho inu amene anakutsekerani chipata, amene malo anu anapatsa wina inu muli pomwepo, musathere moyo padoko. Tolani khasu limene latsala m'manja mwanu, kafunseni kwa odziwa, dzalaninso pamene madzi anakokolola. Osataya mtima, nthaka imadziwa manja amene amaigwira.

Inácia anakalambira pachilumba, zidzukulu zikutola mango kutsidya. Baltazar Mourão anamwalira ku Goa ali nkhalamba ya mano awiri. Ku Zambezi sanabwererenso.