Khitchini ya Amayi ndi Msewu wa Nchima

Ndikukumbukira chaka chimene banja lathu linalowa ntchito yoteteza nyama zakutchire boma lisanatipemphe. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinali matenanti pa esiteti ina cha ku Santhe, titachoka ku Phalombe kudzafuna chuma, chimene mpaka lero tikuchifunabe.

Fodya anali atakhwima bwino chaka chimenecho. Tinathyola, tinasoka, manja ali bii ndi utomoni wowawa uja, kenako mphepo inabwera masanasana n'kugwetsa theka la chigafa choumitsiramo fodya. Nsichi zake zinali zitadyedwa ndi chiswe. Fodya wosokasoka tinamuunjika pansi pa pulasitiki, ndipo ngakhale ine ndinkadziwa kuti akakhalitsa mmenemo atentha n'kuwola, thukuta la chaka chonse n'kupita.

Akapitawo sanachulutse mawu. "A Mateyu, mitengo ili kumtsinje. Anzanu onse akudula komweko."

Abambo anatenga nkhwangwa. Ine ndinanyamula chikwanje ndi nkhope ya munthu wofunika.

Kumtsinjeko nkhalango inali itatsala kamzere kopyapyala, uku fodya, uku fodya. Mmenemo munkakhala nchima, abale ake a pusi, koma zoderapo, za nkhope yodekha ngati akulu a mpingo. Pansi sizinkapondapo wamba. Ulendo wake unali wa m'mwamba, nthambi ndi nthambi.

Abambo atangogwira mtengo wowongoka bwino, gulu la nchima linadutsa pamwamba pathu. Kutsogolo kunali mpata, pomwe anzathu anali atadula dzulo lake. Zazimuna zinalumpha. Yaikazi ina, kamwana katakangamira pamimba, inafika kunsonga kwa nthambi n'kuima. Inayang'ana kutsidya. Inayang'ana pansi, pomwe galu wathu Tilekeni anali atakhala kale ngati mlendo wodikira mbale paukwati. Inabwerera, inayesanso, inabwereranso. Pomaliza inazungulira n'kudzera mumtengo womwewo umene abambo anaugwira, timakungwa tikutigwera m'mutu.

Abambo anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Limbani, uwu si mtengo ayi. Ndi msewu."

"Nanga fodya, ababa?"

"Mitengo ina ndayikumbukira. Youma kale."

Sindinadziwe kuti akunena khitchini ya amayi.

"Bambo a Limbani, padenga panga mukufunapo chiyani?" anafunsa amayi, manja ali m'chiuno.

"Ndikubwerekako pang'ono."

"Kubwerekera ndani?"

"Mayi mnzanu wa kumtsinje. Ali ndi wakhanda."

"Ooh! Ndiye wakhandayo akakula azidzandiphikira?"

Amayi analalata mpaka nkhuku zinasamukira kwa aneba. Koma amene ankalandira mitengo abambo akamatsitsa anali iwo omwewo, akulalatabe, ndipo dzuwa lisanalowe chigafa chinali chitaimanso, fodya yense atalendewera m'mikangala yake. Sanawole. Mvula yonse yotsalayo amayi anaphikira pansi pa mtengo wa mango, ambulera kudzanja lamanzere, nkhuni zonyowa zikulira, maso ali psuu ndi utsi. Ndiwo zinkamveka utsi ndi dothi lonyowa, koma panalibe wolimba mtima woti anene.

Mvula yotsatira abambo anabzala keshya m'mizere, kuti ikakula idzakhale nsichi zamoyo. Anzawo ankafa ndi phwete. "Taonani a Mateyu, akupalira chigafa!" Patapita zaka, chigafa chathu chinkaphuka masamba, chiswe chikuchilambalala mwaulemu, ndipo oseka aja anayamba kubwera kudzapempha mbewu, ati n'za mlamu wawo.

Kukoleji ndinapitako, n'kuchokako msanga kuti ena apezeko malo. Ndisanachoke, aphunzitsi ena anatifotokozera momveka bwino mmene dziko limakonzera mapulani opulumutsa nchima ndi abale ake amene akutha: nkhalango zodukaduka zilumikizidwe, alimi apeze kwina kodula mitengo. Zinali zoona zokhazokha. Ndinakhala kumbuyo ndikugwedeza mutu ngati katswiri, poti phunzirolo ndinali nditalidya kale ndi ndiwo za utsi.

Abambo ndimawasirira mpaka lero, chifukwa kutsitsa nkhwangwa fodya ali pansi si masewera. Koma chimene ndachimvetsa mochedwa n'chakuti mtengo ukapulumuka, pamakhala wina amene wanyowa, ndipo kawirikawiri ndi amene kumtsinjeko kunalibe. Okonza mapulani a dziko, musanaombe m'manja, muzifunsako kuti khitchini ikugwayo ndi ya ndani.

Amayi nchima ija sanayionepo ndi maso awo. Akalamba tsopano, khitchini yawo ndi yamalata. Koma ndikangotchula za ku Santhe, amayamba atsonya kaye, kenako n'kufunsa chapansipansi: "Kodi kamwana kaja kanakula?"